Adokotala akati "remission": njira zofufuzira khansa ya m'magazi yotsalira, ndi iti yoyenera ndalama zanu

Tsiku limene alamu anga, odwala khansa ya m'magazi yoyenda pang'onopang'ono yotchedwa CML, anabwera ndi pepala la full blood count, muyezo wowerenga maselo a m'magazi, loonetsa kuti maselo oyera atsika n'kufika pamlingo wa munthu wabwinobwino, ku Chawama kunafa nkhuku ziwiri. Ndipo m'pomveka. Miyezi iwiri m'mbuyomo munthuyu anali ndi kapamba wotupa mpaka kufika pamchombo, ankadzuka usiku malaya ali nyowe ndi thukuta, lamba ataboola mabowo ena awiri. Tsopano anali kutha mitanda itatu ya nsima n'kumafunsanso makiyi a minibasi. Mlongo wanga anandiitanira kukhitchini. "Achimwene, inu mumagwira ntchito ya magazi. Adokotala akuti remission. Ndiye kuti mapiritsi aja angathe kusiya, eti?"

Ndinamuyankha kuti ayi, ndipo nkhuku ija sinandikomerenso.

Ndakhala pa benchi ya labu zaka zambiri, makamaka ndikuyeza viral load ndi CD4. Muno mu Lusaka palibe amene sadziwa kuti munthu wa viral load yosaoneka sasiya ma ARV. Pa khansa ya m'magazi nzeru yomweyi sinafike m'makomo ambiri, mwina chifukwa matendawa si ofala chotero, mwinanso chifukwa mawu akuti remission amamveka ngati belu loweruka. Tanthauzo lake n'lakuti matenda agona, sakuonekanso ndi chida chimene tayezeracho. Pa khansa zothamanga, zimene madokotala amazitcha ALL ndi AML, munthu amawerengedwa kuti ali mu remission ngati magazi ake abwerera mwakale ndipo m'mafuta a m'mafupa, poyang'ana pa maikulosikopu, maselo osakhwima otchedwa mablasiti ndi osakwana 5 pa 100 alionse. Komatu munthu akamapezeka ndi matendawa amakhala ndi maselo a khansa pafupifupi 1,000,000,000,000 m'thupi. Mankhwala amphamvu a khansa, amene timati kemo, atapha 99 pa 100 alionse, otsala ndi 10,000,000,000, ndipo katswiri wa maikulosikopu angathe kulumbira moona mtima kuti sakuona kanthu. Amene analimapo munda wa kapinga akudziwa zimenezi: wapalira, pamwamba payera, mvula ikagwa kawiri kapinga uja wadzuka. Zotsalira zobisikazi madokotala amazitcha MRD, ndipo pali makasu angapo okumbira, osiyana msinkhu ndi mtengo.

Kuti manambala asatizunguze mutu, tiyeni tipite ku msika wa Soweto. Meda imodzi ya chimanga ili ndi njere zoposa 10,000, thumba la makilogalamu 50 lili ndi zoposa 100,000. Maikulosikopu imazindikira chofumbwa pokhapokha ngati pa njere 20 zilizonse imodzi ndi yofumbwa. Flow cytometry imapeza njere imodzi yofumbwa mu meda. PCR yochitidwa bwino imaipeza m'thumba lathunthu. NGS imaipeza m'matumba angapo atakhuthulidwa pamphasa imodzi, kapena kuti selo limodzi pa 1,000,000. Munthu akamva zimenezi amati basi, tithamangire NGS ngakhale tigulitse puloti. Musafulumire. Kwa alamu anga NGS ikanakhala kutaya ndalama m'chimbudzi, pamene kwa mwana wa ALL, PCR imene alamu amayezetsa nthawi zambiri singanene chilichonse.

Zakale zimene sizinathe ntchito

Maikulosikopu ndiyo imatsegula chitseko. Ndi yotsika mtengo, zotsatira zimatuluka msanga, ndipo ngati ikuonabe mablasiti ochuluka palibe chifukwa cholipirira zinazo. Pamwamba pake pali karyotype, yomwe ndi kujambula makromozomu a maselo pafupifupi 20 n'kuona ngati ena aduka kapena asinthana zidutswa, ndiponso FISH, imene imapaka jini utoto wowala n'kuwerenga maselo 200 kapena kuposa. Ziwirizi n'zamtengo wapatali tsiku loyamba, pofuna kudziwa mtundu weniweni wa matenda. Pofufuza zotsalira n'zosazama: karyotype siiposa maikulosikopu, FISH imafika cha pa selo limodzi pa 100. FISH ikanena kuti palibe, yangonena kuti mphasa siinadzaze.

Mawu akuti jini ndiwamasulire pompano, chifukwa tsiku limene ndinawatchula koyamba, amayi ake a alamu anagwira pakamwa poganiza kuti ndikunena majini a mizimu. Jini ndi kachidutswa ka malangizo olembedwa mu DNA m'kati mwa selo. Khansa imayamba malangizowo akalembeka molakwika, ndipo cholakwikacho chimakhala ngati chidindo chimene selo lililonse la khansa limayenda nacho.

Flow cytometry, mbale wake wa CD4

Amene anayezetsapo CD4 anakumana kale ndi njirayi. Maselo amapakidwa utoto womamatira pa zizindikiro za pakhungu pawo, kenako amadutsa pa kuwala kwa laser limodzilimodzi ngati anthu pa geti la bwalo la mpira, makina n'kumalemba zimene selo lililonse lavala. Selo la khansa limavala mosakaniza, jekete la mwana ndi nsapato za mkulu, ndipo pamenepo limagwidwa. Koma makina a CD4 a pa kiliniki sangagwire ntchitoyi. MRD imafuna makina oona mitundu 8 ya utoto kapena kuposa, maselo mazana a zikwi, ndi munthu amene waona mafupa ambiri.

Ubwino wake ndi waukulu. Imagwira pa odwala ALL oposa 9 pa 10 alionse ndiponso pa ambiri a AML, ngakhale amene khansa yawo ilibe chidindo chodziwika cha jini. Zotsatira zikhoza kutuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Pa ana a ALL, muyezo umene mayiko ambiri amatsatira ndi 0.01 peresenti, selo limodzi pa 10,000, pakutha pa mwezi woyamba wa kemo. Mwana amene ali pansi pa mzerewu amapitiriza ndi mankhwala a masiku onse, amene ali pamwamba amawonjezeredwa mphamvu. Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa UKALL 2003, yemwe ankayeza zotsalira ndi PCR, anaonetsanso mbali inayo: ana amene MRD yawo inali yotsika kwambiri anachepetseredwa kemo popanda matenda kubwerera kwambiri. Pa AML mzere wa flow ndi wokwererapo, 0.1 peresenti, chifukwa maselo a AML amafanana kwambiri ndi abwinobwino.

Vuto lake kwa ife ndi loti imafuna maselo amoyo. Sampulo iyenera kufika pa makina m'masiku awiri, atatu ndiye mapeto. Komanso zotsatira zimadalira diso la wowerenga. Mafupa akamachira ku kemo amatulutsa maselo aang'ono abwinobwino ofanana ndi a B-ALL, ALL yochokera ku maselo oyera a mtundu wa B, ndipo wosazolowera angathe kuopseza banja pachabe. Mankhwala atsopano ngati blinatumomab amasaka chizindikiro cha CD19, ndipo nthawi zina maselo opulumuka amachivula, wofufuza n'kuwaphonya. Pa CML flow siigwiritsidwa ntchito polondola matenda.

PCR ya chidindo chodziwika

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi njira imene anthu ambiri a kuno angaifikire. PCR, imene Kary Mullis anaitulukira mu 1983, ndi fotokope ya majini: imatenga kachidutswa kamene mukukasaka n'kukachulukitsa kawiri, kanayi, kasanu n'katatu, mpaka makina akaone. Viral load ndi PCR. Kusiyana kwake n'kwakuti m'malo mowerenga kachilombo tikuwerenga chidindo cha khansa.

Chidindo chotchuka kwambiri ndi cha matenda a alamu. Mu 1960 Peter Nowell ndi David Hungerford ku Philadelphia anaona kuti odwala CML ali ndi kromozomu imodzi yofupika modabwitsa. Mu 1973 Janet Rowley ku Chicago anaonetsa kuti kromozomu 9 ndi 22 zinasinthana zidutswa. Pamene zidutswazo zalumikizana pamabadwa jini lachilendo, BCR-ABL1, limene limalamula selo kuti lizingoswana. Imatinib, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Glivec, inavomerezedwa ku America mu 2001 ndipo imatseka pakamwa jini lomwelo. Selo labwinobwino lilibe BCR-ABL1, choncho chilichonse chimene PCR yapeza ndi cha khansa.

Zotsatira zimalembedwa mu peresenti, ndipo pambali pa nambalayo payenera kukhala zilembo IS, kutanthauza kuti labuyo inalinganiza sikelo yake ndi ya dziko lonse. Akatswiri a European LeukemiaNet amati munthu akuyenda bwino ngati pa miyezi 3 ali pa 10 peresenti kapena pansi, pa miyezi 6 ali pa 1 peresenti kapena pansi, ndipo pa miyezi 12 wafika pa 0.1, pamene amapatcha MMR. Kupitirira apo kuli MR4, yomwe ndi 0.01, ndi MR4.5, yomwe ndi 0.0032. Chokoma n'chakuti zonsezi zimayezedwa ndi magazi a pamkono. Singano ya m'chiuno yokokera mafuta a m'mafupa, imene alamu amaikumbukira ndi mawu osayenera kulembedwa, siifunikanso miyezi itatu iliyonse.

PCR imeneyi ili m'mitundu iwiri yoti musankhepo. Woyamba ndi wa labu yaikulu, ndipo kuno nthawi zambiri zikutanthauza kuti magazi akwere ndege kupita ku Johannesburg kapena ku India kudzera m'malabu apulayiveti. Wachiwiri ndi GeneXpert. Makina amenewa anafalikira m'Zambia chifukwa cha TB, bungwe la WHO litawavomereza mu 2010, ndipo kampani ya Cepheid imapanganso katiriji ya BCR-ABL yolowa m'makina omwewo, yotulutsa yankho la pa IS m'maola osakwana atatu. Kwa wodwala CML wa ku Matero kapena ku Petauke ine ndimaika GeneXpert patsogolo, pa chifukwa chimodzi chachikulu: magazi sayenda ulendo wautali. Makina kukhalapo sindiye kuti katiriji ilipo, ndiye funsani adokotala anu ku Cancer Diseases Hospital kapena ku UTH, chipatala chachikulu cha mu Lusaka, kuti panopa ikuyezedwera kuti. The Max Foundation, bungwe la ku Seattle limene lakhala likufikitsa Glivec kwa odwala a m'mayiko osauka kuyambira 2001, linagwirizananso ndi labu ya Jerald Radich ku Fred Hutchinson pa njira yodontheza magazi pa pepala n'kuwaumitsa, monga timachitira ndi magazi a makanda poyeza HIV (DBS), kuti athe kutumizidwa kutali osawonongeka.

Pali msampha umodzi. BCR ndi ABL1 sizilumikizana pamalo amodzi mwa aliyense. Katiriji yofala imaona mtundu wa p210, umene odwala CML ochuluka zedi ali nawo. Owerengeka ali ndi mitundu yachilendo, ndipo ambiri mwa odwala ALL amene ali ndi kromozomu ya Philadelphia ali ndi wa p190, wofuna zoyezera zake. Munthu wotere akayezedwa ndi katiriji yolakwika, pepala lidzati palibe chapezeka ngakhale matenda ali tho. N'chifukwa chake mtunduwu uyenera kudziwika mankhwala asanayambe.

Nanga funso la mlongo wanga lija? Yankho lake si ayi wamuyaya. Kafukufuku wa ku France wotchedwa STIM, wotsogoleredwa ndi François-Xavier Mahon n'kufalitsidwa mu 2010, anasiyitsa imatinib odwala amene PCR yawo inakhala yosaoneka kwa zaka ziwiri, ndipo pafupifupi 4 pa 10 alionse anakhalabe bwino. Enawo matenda anayamba kukweranso, ambiri m'miyezi 6 yoyamba, ndipo atabwerera pa mapiritsi anatsikanso. Masiku ano madokotala amalingalira zosiyitsa munthu amene wamwa mankhwala zaka zosachepera zitatu, ambiri amati zisanu pa imatinib, ndipo wakhala pa MR4 kapena pansi kwa zaka ziwiri. Koma amafuna PCR mwezi uliwonse kwa miyezi 6 yoyamba, yankho likubwera msanga. Amene sangakwanitse kuyezetsa chotero asayese n'komwe. Zimenezi zimakhudza kwambiri amayi achitsikana ofuna mwana, poti mapiritsiwa sagwirizana ndi pakati, ndipo ndi nkhani yokambirana ndi adokotala mimba isanaime.

Nambala ikakwera, funso loyamba si la majini. Ndi lakuti: mapiritsi mukumwa tsiku lililonse? Ndaona anthu akugawa piritsi pakati kuti afike tsiku lokatenga ena. Ngati akumwa bwino koma nambala ikukwerabe, pamenepo m'pofunika kufufuza ngati jini lija lasinthanso. Kusintha kotchedwa T315I, mwachitsanzo, sikumva imatinib, dasatinib ngakhale nilotinib, kumafuna ponatinib kapena asciminib.

PCR yomweyi imagwiranso pa zigawo zina za AML. Pa APL, imene imabwera ndi kukha magazi koopsa koma imachizika bwino ndi mankhwala a ATRA ndi arsenic trioxide, chidindo ndi PML-RARA, chochokera ku kromozomu 15 ndi 17, ndipo cholinga n'chakuti chisaoneke m'mafupa pakutha pa mankhwala olimbitsa. Zidindo zina za AML ndi RUNX1-RUNX1T1 ndi CBFB-MYH11. Ndiye pali NPM1, yopezeka mwa pafupifupi munthu mmodzi pa akulu atatu a AML. Kafukufuku wa ku Britain wofalitsidwa mu 2016 mu New England Journal of Medicine anapeza kuti mwa odwala amene NPM1 inkaonekabe m'magazi atamaliza kemo yachiwiri, 82 pa 100 matenda anabwerera m'zaka zitatu, pamene mwa amene inali itazimiririka anali 30 pa 100. Onsewo pa maikulosikopu ankaoneka ofanana. Banja limene likulingalira zogulitsa nyumba kuti wodwala akaikidwe mafuta a m'mafupa a munthu wina ku India kapena ku South Africa liyenera kudziwa mbali imene ali pa manambala awiriwa. Ngati AML yanu ili ndi chimodzi mwa zidindozi, PCR ndiyo yoyamba, flow ibwere pambuyo. Ngati ilibe, ndipo odwala oposa theka alibe, flow ndiyo yanu.

Mudzamvanso za digital PCR. Ndi PCR yomweyo, koma sampulo imagawidwa m'timadontho zikwizikwi n'kuwerenga timene tawala. Imathandiza pamene zotsalira zachepa kwambiri, monga kwa wofuna kusiya mapiritsi. Kwa woyamba kumene siisintha kanthu.

Suti yosokedwa ndi telala, ndi NGS

Odwala ALL ambiri alibe chidindo chogwirizana ndi katiriji ya m'sitolo. Koma maselo oyera a mtundu wa B ndi T, kumene ALL imachokera, ali ndi khalidwe lina: lililonse likamakula limadula ndi kulumikiza majini ake a chitetezo m'njira yakeyake, moti palibe awiri ofanana. Khansa imachokera ku selo limodzi, choncho ana ake onse amanyamula msoko womwewo. Labu imawerenga msokowo pa sampulo ya tsiku loyamba, n'kupanga PCR ya wodwala ameneyo yekha, monga telala wa ku Kamwala amene wakuyezani ndi tepi. Njirayi, imene malabu a gulu la EuroMRD ku Ulaya anailinganiza, imafika pa selo limodzi pa 10,000 mpaka 100,000. Imatenga masabata kuti ikonzedwe, ndi ya malabu owerengeka, ndipo popanda sampulo yoyambirira telala alibe muyeso.

NGS imadumpha telala. Makina amawerenga misoko yonse ya m'sampulo, mamiliyoni, kompyuta n'kusaka wa khansa uja. Yodziwika kwambiri ndi clonoSEQ ya kampani ya Adaptive Biotechnologies, imene boma la America linailoleza mu 2018 pa B-ALL ndi khansa ya m'mafupa yotchedwa myeloma, kenako mu 2020 pa khansa ina ya m'magazi yotchedwa CLL. Kuzama kwake n'kosapikisika, ndipo popeza imawerenga DNA, yomwe ndi yolimba, sampulo imapirira ulendo kuposa ya flow. Nayonso imafuna sampulo ya tsiku loyamba. Mwa njira zonse ndiyo yodula kwambiri, ndipo yankho limachedwa.

Pa AML, NGS imasaka majini ambiri osinthika nthawi imodzi, ndipo apa m'pamene anthu amalira pachabe. Majini atatu, DNMT3A, TET2 ndi ASXL1, amasintha mwa anthu ambiri okalamba opanda khansa, ngati imvi za m'magazi. Akhoza kuonekabe munthu atachira, ndipo kafukufuku wa ku Netherlands wa 2018 anaonetsa kuti kutsala kwa atatuwa pawokha sikulosera kuti matenda abwerera. Pepala la NGS likafika pa WhatsApp usiku lili ndi mzere wofiira, musaliwerenge nokha. Komanso NGS wamba, yomwe imagwiritsidwa ntchito pozindikira matenda, imaona kuyambira cha pa 2 mpaka 5 pa 100, ndiye kuti ndi yosazama kuposa flow. Ya MRD ndi ina, yokhala ndi njira yochotsera zolakwa za makina. Labu ikati timachita NGS, funsani kuti iti, ndipo imazama kufika pati.

Funso limene ndimafunsa banja lisanatumize ndalama ndi ili: yankho likabwera loipa, adokotala achita chiyani chosiyana? Ku America blinatumomab inavomerezedwa mu 2018 makamaka kwa odwala B-ALL amene ali mu remission koma MRD yawo ili pa 0.1 peresenti kapena kuposa. Ngati banja lingathe kufikira mankhwala amenewo kapena kuika mafuta a m'mafupa, kuzama kuli ndi phindu. Ngati chimene chilipo ndi kusankha pakati pa kemo ya masiku onse ndi yamphamvu, flow yabwino pakutha pa mwezi woyamba yayankha kale funsolo, ndipo kudziwa za selo limodzi pa 1,000,000 kungokugulirani kusowa tulo. Ena adzanditsutsa, adzati kudziwa n'kwabwino nthawi zonse. Ine ndaona ndalama za thiransipoti ya ku chipatala zikuthera pa pepala limodzi lokongola.

Za m'botolo ndi za pa msewu

Makina abwino sangakonze sampulo yoipa. Pa B-ALL zotsalira zimachuluka m'mafupa kuposa m'magazi, nthawi zina kakhumi kapena kuposa, choncho magazi a pamkono akhoza kunama kuti zonse zili bwino. Pokoka m'fupa, madontho oyamba ndiwo enieni. Sirinji ikapitiriza kukoka imadzaza magazi wamba, ngati tiyi wothiridwa madzi kachiwiri, ndiye pemphani mwaulemu kuti oyambawo apite ku MRD. Pa NPM1, akatswiri a European LeukemiaNet aja amalangiza kuti mankhwala akatha munthu aziyezetsa m'mafupa miyezi itatu iliyonse, kapena magazi masabata 4 mpaka 6 alionse, kwa zaka ziwiri. Ya PCR ilowe m'botolo la chivindikiro chapepo. La chobiriwira lili ndi heparin, amene amalepheretsa PCR.

Ndiulule changa. PCR ya CML imawerenga RNA, kope la malangizo a mu DNA, imene imawonongeka msanga ngati mkaka wosawiritsa. Ya alamu ya miyezi 6 tinaitenga Lachisanu, ine nditaiwala kuti Lolemba ndi Lachiwiri linali tchuthi cha Heroes ndi Unity. Labu imene tinapitako inalandira ndalama osatichenjeza, botolo linagona penapake mpaka Lachitatu. Yankho linabwera lakuti BCR-ABL1 siinapezeke, ndipo mlongo wanga anayamba kale kululuta. Pansi pa pepala panali nambala ina yaing'ono, ya makope a ABL1, jini labwinobwino limene labu imawerenga pofuna kutsimikiza kuti m'botolo munali kanthu. Kuti anene MR4 pamafunika makope 10,000, pa MR4.5 pamafunika 32,000. Athu anali mazana owerengeka. Sanapeze njere yofumbwa chifukwa thumba linafika lopanda chimanga. Tinalipira kachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo timapereka magazi Lolemba m'mawa, kalendala ili m'manja. Amene mumachokera ku Chipata kapena ku Katete, basi imatha tsiku lathunthu pa Great East Road, ndiye n'kwabwino kuti wodwala abwere yekha adzatengedwe magazi kuno kusiyana n'kutumiza botolo ndi kondakitala.

Labu musamasinthesinthe. Nambala imodzi payokha siinena zambiri, chimene adokotala amawerenga ndi njira imene manambala akuyenda, ndipo malabu awiri akhoza kusiyana pang'ono ngakhale onse ali pa IS. Kuchoka pa 0.05 kufika pa 0.07 si nkhani. Kukwera kakhumi ndi nkhani, ndipo nayonso imayamba yabwerezedwa isanakhulupiriridwe. Ndi bwino kukhala ndi GeneXpert miyezi itatu iliyonse kwa zaka zisanu kusiyana n'kuyeza kamodzi kokha ku labu yapamwamba ya kunja. Za malipiro, funsani ku ofesi ya inshulansi ya zaumoyo ya NHIMA ya pachipatala chanu musanatulutse ndalama za m'thumba, ndipo pemphani adokotala alembe dzina lenileni la muyezowo, chifukwa "magazi a khansa" pa kauntala angatanthauze chilichonse.

Chinthu chimene sichibwezeka ndi tsiku loyamba. PCR ya chidindo, ya telala, NGS, ngakhale flow, zonse zimayenda bwino ngati nkhope ya khansa inajambulidwa mankhwala asanaifafanize. Prednisolone ndi dexamethasone zimapha maselo a ALL mwachangu, moti mwana wotuluka mwanabele m'khosi akapatsidwa mapiritsiwa pa kiliniki kapena pa kantemba asanayezedwe, amafika ku chipatala cha ana ku UTH mafupa ataoneka oyera, n'kudzadwalanso pakapita masabata. Pa tsiku limenelo banja limakhala losokonezeka, wina akusaka opereka magazi, wina akuimbira kumudzi. Pakhale mmodzi wofunsa mafunso awiri okha: "Adokotala, mtundu weniweni wa khansayi ndi uti, ndipo chidindo chake cha jini mwachifufuza?" Ngati ndalama sizikwanira lero, funsani ngati labu ingasunge DNA kapena magalasi opakidwa mafuta a m'mafupa aja. DNA imakhala zaka mu firiji, ndipo ngakhale pa galasi louma ikhoza kupalidwa.

Alamu ali ndi kope la sukulu, la masamu, limene amasunga m'thumba la pulasitiki pamodzi ndi laisensi. Tsamba loyamba muli p210. Pansi pake: miyezi 3, 6.2; miyezi 6, mzere wofufutidwa kenako 0.7, miyezi 12, 0.08. Mlongo wanga atafika pa nambala yomalizayi anandiyang'ananso, ine n'kuloza pamene ndinalemba 0.01 ndi pensulo pansi pa tsamba, ndi mawu akuti zaka ziwiri pambali pake. Alamu anatseka kope, anameza piritsi la tsikulo pakati pa nsima, n'kufunsa ngati Lolemba la pa 3 si tchuthi.